Kodi Cholandira Ulere Chili ndi Ngongole?

Mnyamata kapena mtsikana amene wayamba kuphunzira ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta ali ndi tsiku limodzi limene saliiwala. Ndilo tsiku limene alemba mizere isanu kapena khumi, nauza kompyuta yake kuti ikafunse kompyuta ina ya kutsidya kwa nyanja za nyengo ya mawa, kapena za mtengo wa ndalama zakunja, kapena za chiwerengero cha anthu a m'dziko lake. Ndipo asanaphethire kawiri yankho lafika. Mtima wake udzala ndi chimwemwe, ndipo ayesa kuti ntchito yonseyo waigwira yekha. Komatu akadakhala pansi ndi kuwerengera bwino, akadaona kuti mwa zonse zachitika pa kamphindi kameneko, zake zenizeni ndi mizere khumi yokha ija. Njira imene funso lake ladzera adailambula ena. Chilankhulo chimene makompyuta awiriwo amvanirana adachikonza ena. Chida chimene chanyamula funsolo adachisula wina. Ngakhale malangizo amene iye watsata adawalemba munthu amene sadzaonana naye maso ndi maso mpaka kufa. Ndipo pa zonsezi wophunzirayo sadapereke ngakhale khobidi limodzi.

Pamenepa pabuka funso loyenera kulilingalira mofatsa. Kodi munthu amene walandira chinthu ulere, mwini wake osamuuza kuti adzabweze, ali ndi ngongole kapena alibe? Ngati ali nayo, ali nayo kwa yani, ndipo adzaibweza motani? Funsoli likhudza mlimi amene adaphunzira kumezanitsa mitengo kwa mnansi wake, likhudzanso mzamba, mphunzitsi ndi mmisiri wa matabwa. Koma pa ntchito ya mapulogalamu lioneka poyera koposa, pakuti palibe ntchito ina imene woyamba kumene alandira zochuluka chotere kuchokera kwa anthu osawadziwa.

Khomo lotchedwa API

Kuti funsoli limveke, nkofunika kuyamba wadziwa chimene wophunzirayo achita. Makampani, maboma ndi masukulu a ukachenjede asunga zinthu zambiri m'makompyuta awo: mapu, mbiri ya mvula, mitengo ya katundu, nthawi za ndege. Mwini zinthuzo salola mlendo kulowa m'nkhokwe ndi kudzitapira yekha. Iye atsegula khomo limodzi, nalemba malamulo a kafunsidwe ndi kayankhidwe pakhomopo. Khomo lotere amisiri alitcha API, ndiwo malembo oyamba a mawu atatu a Chingerezi otanthauza malo amene pulogalamu ina ilankhulirana ndi inzake. Munthu amene wagulapo magetsi pa lamya yake wadzera pa khomo la mtundu umenewu osadziwa: kompyuta yosunga ndalama zake ipita kukaima pakhomo pa kompyuta ya eni magetsi, itchula nambala ya mita ndi ndalama zaperekedwa, ndipo ibwerako ndi manambala aja olowetsa m'mita.

Mwambo wake ufanana ndi wa mlendo waulemu. Aima pabwalo nati odi, atchula dzina lake, anena chimene wadzera, kenaka adikira. Momwemonso pulogalamu itumiza funso ku keyala yodziwika. Makomo ambiri afunanso mfungulo, imene amisiri aitcha kiyi, ndiyo mndandanda wa malembo wodziwitsa eni nyumba kuti wofunsayo ndani. Yankho lililonse libwera ndi nambala yake. Nambala 200 ndiko kunena kuti zatheka, landirani. 404 ndiko kuti chimene mwadzera kuno kulibe. 401 ndiko kuti simudadziwike, bwerani ndi mfungulo. 429 ndiko kuti mwachulutsa kugogoda, yambani mwapuma. Ndipo 500 ndiko kuvomera kuti cholakwa chili m'nyumba mwa eni ake. Katundu weniweniyo kawirikawiri abwera atamangidwa m'kalembedwe kotchedwa JSON, kamene Douglas Crockford adakafalitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Ndipo dongosolo limene makomo ambiri amangidwira, lotchedwa REST, adalilongosola Roy Fielding m'chaka cha 2000 pomaliza maphunziro ake ku California. Zonsezi zidalembedwa poyera, kuti aliyense awerenge ndi kugwiritsa ntchito osapempha chilolezo kwa munthu.

Mbiri ya chida chimodzi

Aphunzitsi ambiri auza woyamba kumene kuti, asanalembe pulogalamu yaitali, ayambe watumiza funso limodzi lokha ndi chida chotchedwa curl, aone yankho ndi maso ake. Mbiri ya chida chimenechi iphunzitsa zambiri. M'chaka cha 1996 mnyamata wina wa ku Sweden, Daniel Stenberg, adafuna kuti kapulogalamu kake kaziuza anzake mtengo wa ndalama za maiko osiyanasiyana. Adasowa chida chokatenga mitengoyo pa intaneti tsiku ndi tsiku. Pofunafuna adapeza kachida kakang'ono kotchedwa httpget, kamene Rafael Sagula wa ku Brazil adangokatulutsa kumene mu Novembala chaka chomwecho, nakasiya poyera kuti wofuna atenge. Stenberg adakatenga, nakonza pamene padali polakwika, natumiza zokonzazo kwa mwini wake. Pasanapite nthawi yaitali iye ndiye adakhala wosamala chidacho, ndipo pa 20 Malichi 1998 adachitulutsa ndi dzina lakuti curl.

Lero chida chimenechi chili m'malamya, m'magalimoto, m'mawayilesi a kanema ndi m'makompyuta okwana mabiliyoni. Anthu oposa 3,000 alembedwa m'ndandanda wa othokozedwa, ena chifukwa adawonjezera mizere, ena chifukwa adangonena pamene chidacho chidalephera. Ndipo kwa zaka zoposa 20 Stenberg adagwira ntchitoyi madzulo ndi usiku, ataweruka ku ntchito yomudyetsa. Mu 2019 ndi pamene curl idasanduka ntchito yake ya tsiku lonse. Tsono wophunzira uja, pamene atumiza funso lake loyamba, agwira m'manja thukuta la munthu wa ku Brazil, la wina wa ku Sweden ndi la anthu zikwi zitatu, amene palibe mmodzi yemwe adamutumizira kalata yolonjerera ngongole.

Ngongole ziwiri

Wina anganene kuti: mphatso ndi mphatso. Sagula ndi Stenberg sadakakamizidwe ndi munthu. Chilolezo cha curl chinena poyera kuti aliyense atenge, asinthe, ngakhale agulitse, malinga asafafanize dzina la mwini ndi mawu a chilolezocho. Nanga ngongole ichokera kuti? Mphatso yokhala ndi chingwe kumbuyo ndi nyambo ya pa mbedza, ndipo wopatsa amene adikira kubwezeredwa ndi wamalonda wobisala. Mawu amenewa ali ndi choona chake, ndipo sayenera kutayidwa mwachangu.

Komabe wonena choteroyo waiwala kuti ngongole zili mitundu iwiri. Ilipo ngongole ya pa bwalo la milandu: ili ndi mboni, ili ndi muyeso, ili ndi tsiku lobwezera, ndipo mwini wake angathe kuilonjerera. Iliponso ngongole ina imene mboni yake ndi chikumbumtima chokha. Munthu akasokera usiku m'dera lachilendo, wina nadzuka kumulondolera njira, palibe nyakwawa imene ingamulamule kulipira. Koma munthu yemweyo mawa lake akakana kulondolera mlendo wina, mudzi wonse udziwa kuti walakwa, ngakhale palibe lamulo waphwanya. Anthu sanena kuti ndi mbala. Anena kuti ndi wosayamika, ndipo dzina limenelo lipweteka kupambana chindapusa.

Ngongole yachiwiriyi ili ndi khalidwe lake lodabwitsa. Wopatsa sangailonjerere, pakuti akatero waipitsa mphatso yake. Wolandira sangaikane, pakuti akatero wadziipitsa yekha. Ndiponso kawirikawiri siibwerera kwa mwini wake. Wophunzira sangapite ku Brazil kapena ku Sweden kukagwada pakhomo ndi nkhuku m'manja. Ndipo akadapita, eni akewo sakadadziwa choichita nkhukuyo. Stenberg mwiniwake sadalipire Sagula ndalama: adakonza chidacho nachipereka kwa obwera m'mbuyo. Akale adati kupatsa nkuika. Pa nkhani ya nzeru, nkhokwe imene wopatsa aikamo ndi ya mudzi wonse, ndipo amene watapamo abweza potsanuliramo zake, kuti wobwera mawa asaipeze yopanda kanthu.

Moto sutha, zitha ndi nkhuni

Chilipo chifukwa china chimene anthu ayesera kuti cholandira chotere chilibe mangawa. Iwo ati: nzeru si chimanga. Wogawa chimanga atsala ndi chochepa, koma wogawa nzeru atsala nayo yonse. Mayi wodzapala moto kwa mnansi wake sachepetsa moto wa mnansiyo. Izi nzoona ndithu, ndipo nchifukwa chake kubisa nzeru kulibe chowiringula chimene ali nacho wosunga chimanga m'chaka cha njala. Koma wonena za moto akumbukirenso nkhuni. Moto umene mudzi wonse udzapala uyaka chifukwa alipo wina amene adzuka m'mamawa kukatola nkhuni. Ndipo iyeyo akadwala kapena akatopa, motowo uzima, nyumba zonse nizigona ndi njala.

Nkhuni za ntchito ya mapulogalamu ndizo nthawi ndi mphamvu za anthu, pamodzi ndi magetsi ndi makina amene ayankha mafunso usana ndi usiku. Dziko lidaona zimenezi mu Epulo 2014, pamene padapezeka chilema chachikulu, chotchedwa Heartbleed, m'pulogalamu ya OpenSSL. Pulogalamu imeneyi ndiyo idali loko wotchinjiriza zinsinsi za anthu m'gawo lalikulu la intaneti, ndipo chilemacho chidapatsa akuba mpata wosuzumira mawu achinsinsi ndi mfungulo za eni ake. Anthu atafunsa kuti osamala loko wofunika chotere ndani, adapeza kagulu kochepa, ambiri a iwo ogwira ntchitoyo pa nthawi yawo yopuma, ndipo zopereka zaufulu zimene kaguluko kadali kulandira zidali pafupifupi madola 2,000 pa chaka. Makampani olemera adakhala akupala moto pamenepo zaka zambiri osabweretsa ngakhale chikuni chimodzi. Ngozi itagwa ndi pamene ena a iwo adasonkha ndalama zothandizira ntchito zotere.

Stenberg naye adalawa mtima womwewo. Mu Disembala 2021 padapezeka chilema china m'pulogalamu yotchedwa Log4j, imene curl siigwiritsa ntchito konse. Mwezi wotsatira iye adalandira kalata yochokera ku kampani ina yaikulu ya ku America, yomulamula kuti ayankhe mndandanda wa mafunso pasanathe maola 24. Kampaniyo sidamulipirepo kanthu, ndipo padalibe pangano lililonse pakati pawo. Iye adayankha mwaulemu kuti adzayankha mafunsowo akadzasainirana pangano la ntchito. Apa ndi pamene kusayamika kufika pachimake: wolandira aiwala kuti ndi wangongole, nayamba kudziyesa mwini ngongole, nalonjerera amene adamupatsa.

Zoyenera woyamba kumene

Tsono wophunzira, amene alibe ndalama ngati makampani, ndiponso nzeru zake zikadali zochepa, abweza ndi chiyani? Zilipo njira zitatu zimene angathe kuyamba nazo tsiku loyamba lomwe.

Poyamba, atunge ndi muyeso. Kompyuta sitopa ndipo ilibe manyazi. Ikauzidwa kugogoda, igogoda kosaleka mpaka wina aiimitse. Sukulu ya ukachenjede ya Wisconsin, mu mzinda wa Madison ku America, idali ndi kompyuta youza makompyuta ena nthawi yeniyeni popanda malipiro. Mu Meyi 2003 sukuluyo idamizidwa ndi mafunso osaleka. Atafufuza adapeza kuti kampani ya Netgear idagulitsa timakina tolumikizira nyumba ku intaneti toposa 700,000, ndipo amisiri ake adalemba keyala ya sukuluyo m'kati mwa kamakina kalikonse, nakalamula kuti kakapanda kuyankhidwa kazifunsanso pa sekondi iliyonse. Padalibe wofuna choipa. Padali kusasamala kwa mizere yochepa, koma mtolo wake udagwera amene adatsegula khomo mwa chifundo. Nchifukwa chake makomo ambiri ali ndi malire. Mapu a OpenStreetMap, amene Steve Coast adawayambitsa ku Britain mu 2004, ajambulidwa ndi anthu odzipereka, ndipo khomo lake lofunsirapo maina a malo, lotchedwa Nominatim, lili ndi lamulo lakuti munthu asapitirire funso limodzi pa sekondi, ndiponso kuti pulogalamu yofunsa izitchula dzina lake. Wophunzira wolingalira bwino awerenga malamulo otere asanayambe, asunga yankho limene walandira kuti asalifunsenso kachiwiri popanda chifukwa, ndipo akaona nambala 429 aima. Amene afuna njira yozembera malire afanana ndi munthu wobwera pa chitsime cha mudzi ndi ngolo ya migolo, anzake a ndowa imodzi ali pamzere.

Kachiwiri, afunse mwaulemu. Safunsa adadya phula, ndipo palibe mmisiri amene adakula osafunsa. Koma ulemu wa funso suli m'mawu okoma okha. Uli m'kusunga nthawi ya wofunsidwa. Amene angoti zakanika, ndithandizeni, asenzetsa mnzake ntchito yonse yolosera. Amene wayamba wawerenga malangizo, nanena chimene adafuna, chimene adachita, ndi nambala imene khomo lidamuyankha, wasenza kale theka la mtolo. Asamalenso kuti poonetsa ntchito yake asaonetse mfungulo yake, pakuti wina akaitola nachita nayo zoipa, mlandu ulembedwa pa dzina la mwini mfunguloyo. Ndipo akapeza yankho yekha, abwerere kwa amene adawafunsa aja akanene momwe zathekera, kuti wodzagwa m'dzenje lomwelo apeze chingwe chili pomwepo.

Kachitatu, apereke chimene iye yekha ali nacho. Woyamba kumene ayesa kuti alibe chopereka, koma ali ndi chuma chimene katswiri adataya kalekale, ndicho maso achilendo. Katswiri adutsa pa malangizo osaona kuti sitepe ina idadumphidwa, popeza mapazi ake adazolowera njira. Wachilendo ndiye apunthwa, ndipo ndiye adziwa pamene pali mwala. Akalembera eni ake kuti mzere wakuti sumveka, kapena kuti chitsanzo chakuti sichigwiranso ntchito, wathandiza anthu mazana amene sadzamudziwa. Akalongosolera mnzake m'chilankhulo cha kwawo chimene iye adachimva movutikira m'chilankhulo chachilendo, watsegula khomo limene eni ake sakadatha kulitsegula.

Zoyenera wodziwa kale

Ngongole yomweyi ilemera koposa pa amene wakhwima pa ntchito. Mayeso ake ndi awiri: kubisa ndi kunyoza. Wobisa aopa kuti wophunzira akadziwa adzamulanda malo. Motero ayankha mwachidule, asiya dala mfundo imodzi, kuti anthu azibwerabe kwa iye. Wonyoza sabisa kanthu, koma apereka nzeru yake pamodzi ndi chitonzo, kotero kuti wofunsa achoka ndi yankho m'manja ndi bala mumtima, ndipo safunsanso. Onse awiri aiwala chinthu chimodzi, kuti nawonso adali ndi tsiku lawo loyamba, ndipo wina adawapirira.

Koma kodi mmisiri asadye? Kodi aleke ana ake ndi njala pofuna kuphunzitsa dziko lonse? Iyayi. Wantchito ayenera malipiro ake, ndipo Stenberg sadalakwe pouza kampani ija kuti iyambe yasaina pangano. Nkofunika kusiyanitsa zinthu ziwiri. Nthawi ya munthu, luso la manja ake, ndi ntchito imene wina amutuma, zimenezo ndi zake, ndipo angathe kuzigulitsa pa mtengo wachilungamo kapena kukana nazo akatopa. Alinso ndi udindo wosunga zinsinsi za amene adamulemba ntchito ndi za anthu amene maina awo ali m'makompyuta. Koma njira imene iye adaonetsedwa ulere, sayenera kuitchinga ndi minga kuti wina asadzerepo. Mmisiri wa matabwa agulitsa mpando, ndipo palibe amudzudzula. Koma akakana kuuza mwana wa mlongo wake kagwiridwe ka sowo, kamene iye adaphunzira kwa amalume ake popanda malipiro, wadya za akale namana za ana.

Mbiri ionetsanso kuti kutsegula dzanja kubala zipatso zimene wopatsa sadaziganizire. Pa 30 Epulo 1993 bungwe la CERN, kumene Tim Berners-Lee adayambitsira ukonde wa masamba a pa intaneti, lidalengeza kuti aliyense angathe kugwiritsa ntchito luso limenelo popanda malipiro. Chaka chomwecho sukulu ya ukachenjede ya Minnesota idanena kuti ena azilipira pogwiritsa ntchito pulogalamu yake ya Gopher, imene idali yotchuka masiku amenewo. Ndipo ichi chidali chimodzi mwa zifukwa zimene amisiri adaisiyira. Mu Juni 2005 kampani ya Google idatsegula khomo la mapu ake kwa olemba mapulogalamu. Patapita zaka ziwiri ndi theka, chitatha chisankho cha Disembala 2007, ku Kenya kudabuka zipolowe zimene zidapha anthu oposa 1,000. Ory Okolloh adapempha amisiri kuti athandize kusonkhanitsa umboni wa zochitikazo, ndipo pa masiku owerengeka iye pamodzi ndi Erik Hersman, David Kobia ndi Juliana Rotich adakonza Ushahidi, dzina la Chiswahili lotanthauza umboni, imene idaika mauthenga a anthu wamba pa mapu aja. Nawonso adasiya ntchito yawo poyera, ndipo chivomezi chitagwetsa mzinda wa Port-au-Prince ku Haiti pa 12 Januwale 2010, anthu odzipereka adaigwiritsa ntchito polozera othandiza kumene kudali ovutika. Amene adatsegula khomo la mapu sadadziwe za Kenya, ndipo a ku Kenya sadadziwe za Haiti.

Zoyenera mwini khomo

Watsala mmodzi, ndiye mwini khomo. Kodi amene watsegula ayenera kusiya chitsegulire mpaka muyaya? Sikutero. Makina adya ndalama, ndipo mwini ali ndi ufulu woika mtengo kapena wotseka. Koma ufulu umenewu uli ndi malire ake, pakuti woitana anthu kuti amange pa malo ake wadzimanga yekha ndi chiyembekezo chawo. Kampani ya Twitter, imene tsopano itchedwa X, idatsegula khomo lake mu 2006, ndipo amisiri ambiri adamangapo mapulogalamu amene adakokera anthu kwa iyo. Mu Januwale 2023 khomolo lidatsekedwa kwa mapulogalamu otere popanda chenjezo, ndipo lamulo latsopano lidalembedwa patapita masiku. Twitterrific, imene idatumikira anthu kuyambira 2007, idatha pomwepo, ndi Tweetbot yomwe. Kutseka sindiko kudali kulakwa kwenikweni. Mwini munda angathe kutenganso munda umene adabwereketsa. Koma waulemu ayamba wanena, nadikira kuti wobwerekayo akolole. Ndipo wophunzira atolepo nzeru: asanamange nyumba yake yonse pa khomo la munthu mmodzi, awerenge pangano, adziwe kuti lotsegulidwa lero lingatsekedwe mawa.

Yankho la funso lija

Tsono yankho lapezeka. Cholandira ulere chili ndi ngongole, ngakhale kuti ngongoleyo ilibe kalata, ilibe tsiku, ndipo palibe wodzailonjerera. Siibwezedwa kwa wopatsa, amene kawirikawiri ali kutali kapena adamwalira. Ibwezedwa posamala chitsime, polemekeza nthawi ya osamala chitsimecho, ndi potungira wobwera m'mbuyo. Wolemera abweza ndi ndalama, katswiri abweza ndi kuleza mtima, woyamba kumene abweza ndi muyeso ndi maso ake achilendo. Palibe wosauka kotero kuti alibe chobweza, ndipo palibe wodziwa kotero kuti adamaliza kubweza.

Mnyamata kapena mtsikana uja sadzakhala woyamba kumene masiku onse. Chaka chisanathe adzakhala atazolowera manambala aja, ndipo mfungulo ndi keyala sizidzamuopsanso. Tsiku lina, iye ali wotanganidwa ndi ntchito yake, mwana wina adzaima pambali pake ndi nkhope ya manyazi, nadzafunsa chifukwa chake khomo limuyankha 401 nthawi zonse. Funsolo lidzaoneka lachibwana, ndipo yankho lake lili m'tsamba loyamba la malangizo. Palibe lamulo lidzamukakamize kusiya ntchito yake, ndipo akakana palibe adzamuimbe mlandu. Koma pa ola limenelo ngongole ija idzakhala itafika pakhomo pake. Akumbuke usiku wa munthu wa ku Sweden uja ndi kachida ka munthu wa ku Brazil, asendeze mpando, amuonetse mwanayo pamene mfungulo ilowera.